Musatipatse Chida Chopanda Malangizo N'kumati Makina Adziwa Okha

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Kapichi, ku Thyolo. Amene munafikako mukudziwa kuti netiweki ya kumeneko ili ndi malo ake. Pakhonde palibe, kuseri kwa khitchini imabwera n'kuthawa, koma pachulu cha kumunda kwa agogo imagwira ndithu. Masana ena ndinakhala pachulupo, laputopu ili pamiyendo, foni ili pambali ikugawa intaneti, ine ndikuonerera bandulo yanga ikusungunuka ngati shuga mu tiyi wotentha. Patatha pafupifupi ola, pulogalamu inandiuza mosangalala kuti ntchito yatheka. Lean inavomereza umboni wonse, mzere wofiira panalibe. Ndinatsika pachulu ndikumwetulira. Usiku womwewo nditawerenganso modekha, ndinapeza kuti chimene chinatsimikizidwacho si chimene ndinapempha.

Ndalemba izi chifukwa cha mkwiyo wa usiku umenewo, koma mkwiyowo ndauleka uzizire kaye kuti mfundo yake ioneke. Mfundoyo ndi iyi: munthu amene wapanga chida choti AI izifufuzira ma theorem, n'kulephera kulemba bwino mmene chidacho chimagwirira ntchito, sanamalize kuchipanga. Malangizo aja anzathu a kompyuta amawatcha documentation, ndipo ambiri amawaona ngati zokongoletsa zoika pamapeto nthawi ikatsala. Ine ndikuti pa chida cha AI, malangizo ndi theka la chidacho, ndipo amene amachiyamikira osawerenga malangizo ake akuyamikira njinga asanayese mabuleki.

Za Lean ndi nkhokwe yake

Kwa amene simuchita masamu, ndifotokoze pang'ono. Lean ndi chilankhulo cha kompyuta chimene Leonardo de Moura anayamba kupanga mu 2013 ali ku Microsoft Research. Munthu amalemba mfundo ya masamu m'chilankhulochi, n'kulemba umboni wake, ndipo kompyuta imayang'ana sitepe iliyonse. Ikapeza pamene pakudumpha, imakana. Kuyambira mu 2017 anthu odzipereka a m'mayiko ambiri akhala akumanga nkhokwe yotchedwa Mathlib, imene lero ili ndi ma theorem oposa 200,000. Nkhokweyi si ya masewera. Mu December 2020 Peter Scholze anapempha anthu a Lean kuti atsimikize theorem yake ina yovuta imene iye mwini ankaikayikira pang'ono, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Johan Commelin linamaliza ntchitoyo mu July 2022. Kumapeto kwa 2023 Terence Tao ndi anzake anatsimikiza mu Lean umboni watsopano wa polynomial Freiman-Ruzsa m'masabata pafupifupi atatu okha.

Vuto la nkhokwe yaikulu ndi lodziwika kwa aliyense amene anafunafunapo singano m'thumba la chimanga. Theorem imene ukufuna ilimo, koma dzina lake ndi chiyani? Apa ndiye pamabwera zida zofufuzira. Mkati mwa Lean momwemo muli lamulo loti exact? limene kale linkatchedwa library_search. Kunja kuli Loogle ya Joachim Breitner, imene umaipatsa maonekedwe a mfundo ndipo imakubwezera zofanana nayo. Kuli zina monga LeanSearch zimene umazifunsa m'Chingerezi wamba. Masiku ano zida zoterezi sizifunsidwa ndi anthu okha. Pali mapulogalamu a AI otchedwa ma agent, amene umawatuma ntchito ndipo amapita okha kukafufuza, kuyesa, kulakwa, n'kuyesanso. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, yolumikizira ma agent ndi zida zakunja. M'njira imeneyi chida chilichonse chimadzionetsa kwa agent ndi zinthu zitatu: dzina lake, mawu ochifotokoza, ndi ndondomeko ya zimene chimalandira. Zimene agent akudziwa za chida chako ndi zomwezo basi.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Agent ndi kandimverere weniweni: wamutuma, iwe watsala pachulu. Ngati kumene wapitako sanamufotokozere bwino, abwera ndi za m'maluwa, atazikulunga mwaulemu.

Zimene zinandichitikira

Ntchito yanga inali yaing'ono, yongophunzirira. Ndinkafuna kulemba mu Lean masamu a malipiro a wothyola tiyi, monga amayi anga: makilo amene wathyola, mtengo wa kilo, ndi ndalama zimene amadula monga ngongole ya ufa kapena ndalama imene anatengeratu mwezi usanathe. Mfundo yoyamba inali yoti ukatenga malipiro, n'kuchotsa zodula, kenako n'kubwezeranso zodulazo, uyenera kupeza malipiro omwe aja. Mwana wa Sitandade 4 angakuuzeni kuti n'zoona.

Ndinalumikiza agent ndi chida china chofufuzira chimene ndinachipeza pa intaneti. Dzina lake ndilisunga, chifukwa matenda ake ndi a zida zambiri. Mawu ochifotokoza anali mzere umodzi, wonena kuti chimafufuza ma theorem a Mathlib. Pa funso loyamba chinabweza mayina angapo, lililonse ndi kachiganizo ka Chingerezi konena kuti kuchotsa ndi kubwezeranso kumapereka chiwerengero choyamba. Agent anayesa dzina loyamba, Lean inakana. Anayesa lachiwiri, Lean inati dzinalo silikupezeka. Anafunsanso chidacho m'mawu ena, n'kulandira mndandanda womwe uja. Anazungulira motero maulendo ambiri, ulendo uliwonse ukudya bandulo. Pamapeto pake anapeza njira: anawonjezera m'mfundo yanga mawu oti zodula zisapose malipiro, ndipo umboni unadutsa.

Chimene chinachitika ndi ichi. Ine ndinalemba ndalamazo ngati Nat, mtundu wa manambala a Lean oyambira pa 0 kupita m'mwamba. Mu Nat mulibe nambala yotsika pansi pa 0, choncho 3 kuchotsa 5 yankho lake ndi 0. Ukabwezera 5 umapeza 5, osati 3. Mfundo yanga inali yabodza mu Nat, ndipo theorem ya Lean yotchedwa Nat.sub_add_cancel imanena poyera kuti imagwira pokhapokha chochotsedwacho chisapose chimene akuchichotsako. Chidacho chinabisa chikhomo chimenechi. Chinabweza dzina ndi kachiganizo kosalala, chikhomo n'kuchisiya.

Tsono taonani zimene agent anataya powonjezera mawu aja. Mwezi umene zodula zaposa malipiro ndiwo mwezi umene ndinkafuna kuumvetsa. Mu June kapena July, nthawi yozizira, tiyi saphuka kwambiri, makilo amachepa, koma ngongole simachepa. Ndi mwezi umene munthu amapita kukalandira n'kubwerako ndi ngongole m'malo mwa ndalama. Masamu amene amati zotsala ndi 0 pa mwezi wotere akunama, chifukwa ngongoleyo imadikirira mwezi wamawa. Yankho lolondola linali losavuta, kusiya Nat n'kugwiritsa ntchito Int, imene imalola manambala otsika pansi pa 0. Chidacho chikanaonetsa theorem yonse pa funso loyamba lija, agent akanaona chikhomo, ndipo mwayi unalipo woti andiuze kuti mfundo yanga yapendekeka.

Ndivomereze mbali yanga. Kusankha Nat kunali kulakwa kwanga, ndipo agent sanachite bwino kusintha mfundo osandiuza momveka. Koma wopanga chida sangabisale kumbuyo kwa zolakwa zathu. Kubweza mayina opanda zikhomo zake mwina kuli ndi chifukwa, monga kuchepetsa kutalika kwa yankho. Chabwino. Nanga chinamuletsa n'chiyani kulemba chiganizo chimodzi chakuti zotsatirazi zafupikitsidwa, onani theorem yonse musanaigwiritse ntchito?

Sikelo ya tiyi

Nditawafotokozera amayi nkhaniyi m'mawa mwake, ndikuyesa kuichepetsa kuti imveke, anaseka. "Ndiye makina akowo ali ngati ine tsiku loyamba pa esiteti," anatero. "A kapitawo anangondipatsa dengu n'kuloza mzere. Ndinathyola tsiku lonse, dengu linadzaza, koma pa sikelo anataya theka, ati masamba okhwima. Nanga anandiuza ndani kuti akufuna masamba awiri ndi nsonga?"

"Simunafunse, amayi?"

"Ndinafunsa mawa lake. Mayi wina wa mzere woyandikana ndiye anandionetsa."

Pamenepo ndi pamene pali kusiyana. Amayi anali ndi mnzawo wa mzere woyandikana. Anataya tsiku limodzi, tsiku lachiwiri anali atadziwa, ndipo akudziwabe mpaka lero. Agent alibe mnzake wa mzere woyandikana. Timati safunsa anadya phula, koma iyeyu ngakhale atafuna kufunsa, wopanga chida ali kutali, mwina ali mtulo ku dziko lina. Komanso ma agent ambiri akayamba ntchito yatsopano amayambira pachiyambi, za dzulo osazikumbuka. Tsiku lililonse ndi tsiku lake loyamba pa esiteti. Ngati lamulo la masamba awiri ndi nsonga silinalembedwe pa dengu, adzathyola okhwima lero, mawa ndi mkuja, ndipo wolipira ndi amene anamutuma.

Amayi anawonjezera china chimene chandikhala m'mutu. Ati chimene chimawawa pa sikelo nthawi ya mvula si kudula makilo chifukwa masamba anyowa, poti aliyense amadziwa kuti madzi amalemera. Chowawa ndi pamene sukudziwa kuti adula angati ndipo awerengera bwanji. Lamulo lolembedwa pa bolodi, ngakhale likhale lolimba, munthu amatha kukonzekera nalo. Lamulo lokhala m'mutu mwa kalaliki yekha limasandutsa sikelo kukhala maula. Chida chofufuzira chimene sichinena zimene chasiya, ndi sikelo ya mtundu umenewo.

Atatu amene amanditsutsa

Nkhaniyi ndakambirana ndi anzanga a m'kalasi, ndipo onditsutsa ali m'magulu atatu.

Oyamba amati: aise, Lean imayang'ana zonse, ndiye chida chikanama palibe choopsa, umboni wolakwika sungadutse. Mfundo imeneyi ndi yoona theka, ndipo theka lotsalalo ndi limene limaluma. Lean imatsimikiza kuti umboni ukugwirizana ndi mfundo imene yalembedwa. Sitsimikiza kuti mfundo yolembedwayo ndi imene munthu anali nayo mumtima. Umboni wanga unadutsa bwinobwino, chonsecho unali wa mfundo ina. Ndipo Mathlib ili ndi misampha yambiri ya mtundu umenewu, yoikidwa mwadala ndi zifukwa zomveka. Mu Lean nambala ukaigawa ndi 0 yankho ndi 0, ndipo pali theorem yotchedwa div_zero yonena zimenezo. Real.sqrt ya nambala yotsika pansi pa 0 nayonso imabweza 0. Akatswiri anasankha choncho kuti umboni uzifupika, ndipo ma theorem amene akufunika chikhomo amakhala nacho: div_self, yonena kuti nambala kuigawa ndi iyo yomwe yankho ndi 1, imafuna kuti nambalayo isakhale 0. Zonsezi zili bwino kwa amene akuona mfundo yonse. Kwa amene wangolandira dzina ndi kachiganizo ka Chingerezi, ndi mbuna.

Ngakhale akuluakulu a ntchitoyi amadziwa kuti polemba mfundo ndi pamene pamaterera. Mu 2024 AlphaProof ndi AlphaGeometry 2 za Google DeepMind zinayankha mafunso 4 mwa 6 a mpikisano wa International Mathematical Olympiad, n'kupeza mapointi 28 mwa 42. Mafunsowo anachita kumasuliridwa ndi anthu kupita m'chilankhulo cha kompyuta makina asanayambe. Ngati iwo, ndi makompyuta awo onse, anaika anthu pakhomo limenelo, ife ndife yani kuti tizinena kuti mzere wofiira ukasowa ndiye zonse zili bwino?

Achiwiri amati: ma AI a masiku ano ndi anzeru, amangoyesa kawiri katatu n'kuzindikira okha mmene chida chikugwirira ntchito. Inde amayesa. Funso ndi loti akuyesera ndalama za yani. Munthu amene ali mu ofesi ya intaneti yosatha saona kusiyana kwa mafunso 3 ndi mafunso 30. Ine pachulu ndimakuona, chifukwa bandulo ndimagula ndi ndalama ya masamba a tiyi, ndipo batire ya laputopu ikatha ndiyenera kuyenda kukatchajitsa. Malangizo osalembedwa amakhala msonkho, ndipo msonkhowo umagwera kwambiri wophunzira wosauka, amenenso nthawi zambiri amagwiritsa ntchito AI yaing'ono yotsika mtengo kapena yaulere, imene siilotera bwino ngati zikuluzikulu. Mphindi khumi zimene wopanga chida anaziumira, zimalipidwa ndi anthu mazana amene sadzawaona.

Palinso china chimene nzeru sizingalotere. Mathlib imasintha pafupifupi tsiku lililonse. Mu July 2023 nkhokwe yonse inamaliza kusamuka kuchoka ku Lean 3 kupita ku Lean 4, ndipo mayina ambiri anasintha kalembedwe: chimene chinali nat.prime chinakhala Nat.Prime. Kuyambira pamenepo mayina akhala akusinthabe, akale amaikidwa chizindikiro choti asiyidwa, ndipo pakapita miyezi amafufutidwa. AI inaphunzira pa zolemba za zaka zosiyanasiyana, choncho m'mutu mwake muli mayina akale ndi atsopano osakanikirana. Chida chofufuzira ndicho chiyenera kuiwongola. Koma ngati chidacho sichinena kuti chinakolola Mathlib ya tsiku liti, agent akalandira dzina lokanidwa sangadziwe ngati walemba molakwika, ngati waiwala import, kapena ngati dzinalo linafufutidwa kale. Njira zitatu, ndipo palibe chikwangwani. Kulemba tsiku limodzi kukanatseka ziwiri.

Achitatu ndi amene amandivuta, chifukwa mfundo yawo ili ndi ulemu. Amati: zida zimenezi anthu amapanga mwaulere, usiku ataweruka, ndiye iwe wopatsidwa ukudandaula chiyani? Ndimawalemekeza anthu odziperekawo, ndipo popanda iwo ine wa kwa Kapichi sindikanaigwira Lean n'komwe. Koma ulere sufufuta udindo wonena zoona. Munthu akakupatsa mankhwala ophera tizilombo ta m'dimba mwaulere m'botolo lopanda chizindikiro, ukamufunsa muyezo wake sunamunyoze. Ndipo sindikupempha buku la masamba 100. Loogle nayonso ndi yaulere, koma tsamba lake loyamba limakuonetsa mitundu ya mafunso imene imalandira, chilichonse ndi chitsanzo chake: kufufuza ndi dzina la chinthu, ndi chidutswa cha dzina m'zizindikiro za mawu ogwidwa, ndi maonekedwe a mfundo, kapena ndi mathero a theorem okha. Ukawerenga mphindi ziwiri, wadziwa chochita. Ngati mmodzi anatha, ulere si chifukwa.

Mmene tingayesere malangizo

Kudandaula kokha sikumanga nyumba, ndiye nawu muyezo umene ndikuganiza kuti tiziyesera malangizo a chida chotere tisanachiyamikire.

Choyamba, anene kuti chidacho chikufufuza m'nkhokwe iti ndipo ya tsiku liti. Mathlib yokha, kapena ndi ma theorem a mkati mwa Lean momwemo? Chimakololanso liti?

Chachiwiri, anene mtundu wa funso limene chimamva, ndi zitsanzo zenizeni zoti munthu akazikopera zigwire. Chida cha maonekedwe ukachifunsa m'Chingerezi chimakana, chida cha Chingerezi ukachipatsa zizindikiro chimasochera. Agent ayenera kudziwa khomo limene wagogoda.

Chachitatu, anene chimene chili m'yankho ndi chimene chasiyidwa. Kodi mfundo yabwera yonse ndi zikhomo zake? Kodi mtundu wa manambala ukuoneka? Kodi fayilo imene theorem ikukhala yatchulidwa, kuti munthu adziwe import yake?

Chachinayi, anene amene analemba mawu ofotokoza theorem iliyonse. Ma theorem ambiri a Mathlib alibe mawu ofotokoza olembedwa ndi munthu, chifukwa malamulo a nkhokweyo amakakamiza zimenezi pa matanthauzo a zinthu, osati pa theorem iliyonse. Choncho zida zofufuza m'Chingerezi zimadalira AI kumasulira ma theorem kupita m'mawu wamba. Opanga LeanSearch ananena zimenezi poyera m'pepala lawo la mu 2024, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Agent akamawerenga kachiganizo kolembedwa ndi AI inzake, adziwe kuti ndi mphekesera yofunika kuitsimikiza, osati mawu a mwini wake.

Chachisanu, ndipo kwa ine ndi chachikulu, anene chimene chimachitika theorem ikakhala kuti kulibe. Zida zofufuza ndi tanthauzo zimagwira ntchito posandutsa funso kukhala mndandanda wa manambala, n'kufunafuna ma theorem amene manambala awo ayandikira. Njira imeneyi nthawi zonse imapeza woyandikira, ngakhale woyandikirayo ali kutali ngati Nsanje ndi Chitipa. Ukafunsa mfundo yabodza, chimakubwezerabe ma theorem khumi ooneka ngati abale ake. Malangizo abwino ayenera kuchenjeza kuti kulandira yankho si umboni woti theorem ilipo, ndi kumuuza agent nthawi yosiyira kufufuza n'kubwerera kwa amene wamutuma. Agent wanga anazungulira chifukwa palibe anamuuza kuti mndandanda wobwerezabwereza tanthauzo lake ndi loti kulibe.

Chachisanu ndi chimodzi, anene malire: mayankho angati pa funso limodzi, mafunso angati pa mphindi, ndi tanthauzo la uthenga uliwonse wa vuto. Uthenga wongoti error uli ngati dokotala wongopukusa mutu.

Ndipo kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani wophunzira wa chaka choyamba amene sanachionepo chidacho, mumupatse malangizo okhawo ndi mafunso khumi, atatu mwa iwo akhale a ma theorem amene kulibe. Musamuthandize. Chitani chimodzimodzi ndi AI yaing'ono. Werengani kuti afunsa kangati asanapeze, ndiponso ngati azindikira atatu abodza aja. Pamene onse awiri apunthwa, pamenepo malangizo ali ndi dzenje. Mayeso amenewa safuna kompyuta yamphamvu, ndipo tingawachite ife tomwe m'chipinda chogona.

Chala chibwerere kwa ife

Kuloza anthu akutali n'kosavuta, ndiye ndibwere pafupi. Ife ophunzira za kompyuta ndi masamu m'mayunivesite a kuno kwathu, ndi angati amene timalemba malangizo a mapulojekiti athu? Timakhala miyezi tikulemba pulogalamu, tsiku loionetsa timaima pambali pake n'kumafotokoza ndi pakamwa, tikalandira malikisi timatseka laputopu. Wobwera chaka chamawa akaipeza, sadziwa poyambira, ndipo amayambiranso pachiyambi ntchito imene inachitika kale. Fayilo ya README imakhala ndi dzina la pulojekiti ndi dzina la mwini wake, ngati chikwangwani cha pamanda.

Timadzikhululukira kuti ife ndi anthu a pakamwa, nzeru timapatsirana pokambirana. N'zoona, ndipo njira imeneyo inasunga zambiri. Koma imagwira pamene wophunzitsa ndi wophunzira ali pa mzere umodzi wa tiyi. Pulogalamu imapita kumene mwini wake sadzafika, ndipo tsopano ikuwerengedwa ndi makina amene samva kamvekedwe ka mawu kapena kuona nkhope. Kuno ku Thyolo komwe kuno, ku Ndata, kuli Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo achinyamata ochokera m'midzi yozungulira maesiteti tikuphunzira zinthu zimene makolo athu sanazilotepo. Sitingapikisane ndi makampani akuluakulu pa kukula kwa makompyuta. Koma kuwerenga malangizo a chida, kupeza pamene akunama kapena pamene angokhala chete, n'kulemba chiganizo chowongola, zimenezo zimafuna maso ndi kudekha basi. Zida zambiri za Lean zili poyera pa GitHub, ndipo aliyense angathe kutumiza chowongola. Wophunzira amene bandulo imamuwawa amaona dzenje limene wa intaneti yosatha amalidumpha osalizindikira. Umphawi wathu pa nkhani iyi watipatsa diso, tiligwiritse ntchito.

Kwa aphunzitsi athu ndili ndi pempho limodzi: malikisi a malangizo asakhale a chifundo. Pulojekiti imene munthu wina sangathe kuiyendetsa mwini wake atatuluka m'chipinda, isalandire malikisi a ntchito yomalizidwa. Tikazolowera pano, sitidzapanga zida zosocheretsa anthu mawa.

Ine ndayamba ndi zanga. Mfundo ya malipiro ija ndinailembanso ndi Int, ndipo pamwamba pake ndinaika mizere itatu yofotokoza kuti zotsala zikhoza kutsika pansi pa 0, ndi kuti nambala yotsikayo ndi ngongole yopita mwezi wotsatira. Kwa wopanga chida chija ndinatumiza ziganizo zinayi zoti awonjezere pa mawu ochifotokoza: tsiku la Mathlib, chenjezo loti zikhomo zasiyidwa, chenjezo loti yankho limabwera ngakhale theorem kulibe, ndi chitsanzo chimodzi cha funso labwino. Zinanditengera mphindi zosakwana 20, pachulu pomwe paja, ndipo bandulo imene zinadya inali yochepa kuposa imene agent anawononga pa mafunso ake asanu oyamba.